Kukonzekera Paris–Brest–Paris: pamene ntchito yafika

Febuluwale

Cholinga n'kupalasa njinga kuchoka kufupi ndi Paris kukafika ku Brest, kugombe la kumadzulo kwa France, n'kubwereranso. Ndi makilomita 1,200, ndipo ayenera kutha m'maola osapitirira 90. Mwambowu umachitika mu Ogasiti, kamodzi pa zaka zinayi. Wapitawo unali mu 2023, wotsatira ndi wa 2027. Si mpikisano wofuna woyamba. Wofika nthawi isanathe wamaliza, basi. Koma munthu sangangodzuka n'kukalembetsa. Bungwe loyendetsa mwambowu, Audax Club Parisien, limafuna kuti m'chaka cha mwambowo ukhale utamaliza maulendo anayi ovomerezeka otchedwa ma brevet: wa makilomita 200, wa 300, wa 400 ndi wa 600. Komanso potsegula kalembera, amayamba ndi anthu amene anayenda brevet yaitali kwambiri chaka cham'mbuyo mwake. N'chifukwa chake chaka chino ndikuyesa maulendo anayiwo, ndipo zolembazi ndi za ntchito imeneyo.

Nthawi za maulendowa n'zofanana dziko lililonse. Wa 200 amapereka maola 13 ndi theka, wa 300 maola 20, wa 400 maola 27, wa 600 maola 40. Ukagawa bwino, ndi pafupifupi makilomita 15 pa ola, liwiro limene ngakhale wopita kuntchito pa njinga yopanda magiya amalikwanitsa. Chobisika n'chakuti wotchi ikayamba kuwerenga pamalo onyamukira siimanso. Kudya, kugona, kumata chubu, kupita kuchimbudzi, kusochera, kuima pamzere, zonsezi zimadya maola omwewo.

Ndachita masamu papepala. Munthu woyenda makilomita 20 pa ola adzakhala pa chishalo maola 30 kuti amalize wa 600, n'kutsala ndi maola 10 a china chilichonse. Ku Paris–Brest–Paris adzakhala pa chishalo maola 60, n'kutsala ndi 30. Gulu la maola 90 limanyamuka madzulo, choncho maola 30 amenewo ayenera kukwanira usiku unayi, chakudya chonse ndi vuto lililonse la panjira. Pepala limeneli ndalimata pakhoma pafupi ndi pamene ndimaimika njinga.

Njinga ndi yomwe ndinali nayo kale, ya fulemu yachitsulo. Ndaikapo matayala a mamilimita 32 m'malo mwa opyapyala aja, madigadi, ndi magiya opepuka kwambiri a pachikweza. Anthu amakangana kwambiri za kulemera kwa njinga. Ine ndikuona kuti pa ulendo wa masiku anayi, njinga yosapweteka thupi imaposa yopepuka.

Marichi

Mwezi uno wapita ndi maulendo ataliatali oyenda modekha, pa liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako osabanika. Kunena zoona n'zotopetsa maganizo, chifukwa miyendo imafuna kuthamanga. Koma ndi maulendo otere amene amaphunzitsa thupi kudalira mafuta ake m'malo motha msanga shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga ameneyu ndi wochepa. Ukapalasa mwamphamvu osadya, pakatha maola awiri kapena kucheperapo amakhala atatha, ndipo akatha miyendo imalemera, mutu umazungulira, ngakhale kuwerengera makilomita otsala kumakanika.

Choncho ndikudziphunzitsa kudya ndikupalasa. Akatswiri a zamasewera amalangiza pafupifupi magalamu 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse pa ntchito yaitali ngati iyi. Pakamwa n'zochepa, koma m'mimba yosazolowera imakana ikafika ola lachisanu ndi chimodzi. Ndamangirira kachikwama pamahandulo koti ndizitsegula ndi dzanja limodzi, ndipo chilichonse cholowamo ndimachidula tizidutswa ndi kuchichotsa m'pepala ndisananyamuke. Chakudya chofuna manja awiri n'chakudya chofuna kuima.

Ndasinthanso njira zoyesererapo. Ku Brittany, chigawo cha France chimene muli Brest, kulibe mapiri akuluakulu, koma msewu wake sugona pansi: chikweza, mtsetse, chikweza, mtsetse, mpaka zokwera zonse pamodzi zimapitirira mamita 11,000. Zitunda zotere zimanyenga, chifukwa chilichonse pachokha n'chachifupi ndipo umafuna kuchidumpha ndi mphamvu. Ndikuyesa kutsitsa giya msanga, chitunda chisanandikakamize, ndi kusunga mapazi akuzungulira pakati pa maulendo 80 ndi 90 pa mphindi.

Epulo: wa 200

Watha, nthawi isanakwane. Miyendo sinadandaule kwenikweni. Chimene ndabwera nacho n'chimene GPS yandionetsa madzulo ake. Kachipangizoka kamalemba nthawi ziwiri, imene njinga inali kuyenda ndi imene yadutsa kuchokera ponyamuka. Kusiyana kwake kunapitirira maola awiri. Maola awiri njinga itatsamira khoma, pa ulendo umene sunafune kugona ngakhale pang'ono.

Amene sanayendepo brevet afunika kudziwa za khadi. Ponyamuka amakupatsa kakhadi kopindika kokhala ndi mayina a malo amene uyenera kudutsa. Malo alionse ali ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera. Ukafika amadinda khadilo n'kulemba nthawi, ndipo pamalo ena risiti ya m'sitolo kapena yankho la funso lokhudza chikwangwani china ndiwo umboni. Ukafika pamapeto nthawi itatha, kapena ukataya khadi, ulendo wako suwerengedwa ngakhale miyendo itaumaliza. Pakati pa malo odinditsira sulandira thandizo la galimoto yokutsatira. Chikawonongeka, ukonza wekha kapena ndi anzako apanjira.

Pamalo achiwiri odinditsira ndinaona mmene nthawi imathawira. Ndinatsika, n'kuvula helemeti ndi magolovesi, n'kuyamba kufunafuna khadi m'matumba atatu. Ndinalipeza litanyowa ndi thukuta. Nditadinditsa ndinakhala pampando, ndipo mpando ndiwo mdani. Ndinatsegula foni. Wina anayambitsa nkhani ya matayala. Pamene ndinkadzaza mabotolo, bambo wina wachikulire amene ndinawapitirira pa chitunda ola lapitalo anafika, anatulutsa khadi m'kathumba kapulasitiki kolendewera m'khosi, anadinditsa, anadzaza mabotolo, anatenga chakudya chawo m'manja n'kukwera. Helemeti sanavule. Pondidutsa anangoti, “Achimwene, tikumana kutsogolo.” Ndinawapezadi kutsogolo, ndinawapitiriranso, ndipo pamalo otsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Pomaliza ndinawapeza atakhala kale pansi, nsapato atavula, akumwa tiyi.

Liwiro lawo linali lotsika kuposa langa ndi makilomita awiri kapena atatu pa ola. Kuti ndiwonjezere makilomita awiri pa ola pa liwiro langa pangafunike miyezi yambiri ya thukuta, ndipo pa ulendo wa 200 zingandipulumutsire pafupifupi ola limodzi. Ola lomwelo ndingalipeze sabata ino pongosintha zochita ndikatsika panjinga.

Dongosolo latsopano ndi ili. Kutatsala makilomita asanu kuti ndifike podinditsira, ndimaika m'mutu zimene ndikachite ndi ndondomeko yake: khadi poyamba, madzi, chimbudzi, chakudya chonyamula, kukwera. Khadi ndi ndalama zili m'kathumba kamodzi. Foni siituluka pokhapokha ndikusochera. Ndikafuna kupumitsa miyendo, ndimapumira panjinga, ndikuyenda pang'onopang'ono ndikutafuna, chifukwa makilomita 12 pa ola ndi ochuluka kuposa ziro.

Meyi, kumayambiriro: wa 300

Palibe zambiri zolemba. Ndinanyamuka kusanache, ndinafika kutada. Nthawi yoima yatsika ngakhale ulendo unali wautali kuposa woyamba.

Chimodzi chokha choti ndilembe ndi nkhani ya gulu. Kuyenda kumbuyo kwa mnzako kumachepetsa kulimbana ndi mphepo, ndipo pamalo athyathyathya mphamvu zopulumuka zimatha kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndinayenda ndi anthu asanu masana onse, mphepo ikuchokera kutsogolo, tikusinthana kutsogolera, ndipo zinandithandiza kwambiri. Koma gulu likaima limanyamuka pamene womaliza wakonzeka. Uyu akufuna chimbudzi, akabwera uja wayamba kupopa tayala, akamaliza winanso wakumbuka mafuta a dzuwa. Ndinawauza mwaulemu kuti ndikutsogola pang'onopang'ono, andipeza. Anandipeza patapita nthawi yaitali ndithu, ndipo tinapitiriza limodzi popanda wokhumudwa. Pakati pa anthu a maulendowa zimenezi n'zozolowereka.

Meyi, kumapeto: wa 400

Ambiri amene ayendapo maulendo onse anayi amati wa 400 ndiwo wovuta, ndipo tsopano ndikuwamvetsa. Ndi wautali moti usiku wonse umakupeza panjira, koma maola 27 sapereka mpata wogona tulo tenitweni kwa munthu wa liwiro langa.

Nyali zagwira bwino. Ya kutsogolo imatenga moto ku dayinamo ya m'habu, pakati pa wilo, yopereka mavoti 6 ndi mawati atatu, choncho palibe zoganiza za batire. Kumbuyo ndaika nyali ziwiri zofiira, chifukwa yakumbuyo ikazima sudziwa. Pa helemeti pali katochi kakang'ono kowerengera zikwangwani. Jekete yonyezimira ndinaivala dzuwa likulowa. Ku France ndi lamulo kwa wopalasa njinga usiku kunja kwa tauni, ndipo ku Paris–Brest–Paris amafuna kuti ukhale nayo, choncho ndi bwino thupi lizolowere kutentha kwake.

Cha m'ma 11 koloko usiku mvula inayamba. Walira mvula walira matope, sindinadandaule. Pasanapite nthawi tayala lakumbuyo linayamba kugwedera pokhota, ndipo ndinadziwa kuti laphwa. Masana ntchito imeneyi ndi ya mphindi khumi. Usiku, mvula ikugwa, zala zitauma ndi kuzizira, n'zina. Ndinagoneka njinga paudzu, tcheni chili kumwamba. Nditachotsa chubu ndinayendetsa chala m'kati mwa tayala pang'onopang'ono, kuzungulira konse, mpaka chinandibaya: kachidutswa ka waya kosakwana theka la chikhadabo, kopyapyala moti tochi sinakaonetse. Ndinakasolola ndi mano a kapulaya kakang'ono. Ukapanda kukapeza n'kuika chubu chatsopano, pakatha makilomita awiri uli pansi kachiwiri, ndipo chubu china chapita. Chubu chobooka ndinachipinda n'kuchisunga kuti ndikamate pouma, chifukwa guluu sagwira pa labala yonyowa. Dayinamo siipereka moto njinga ikaima, choncho ntchito yonseyi inadalira katochi ka pamutu kaja.

Tulo tinabwera pakati pa 3 ndi 5 koloko m'mawa, nthawi imene thupi limazizira kwambiri ndi kufuna kugona ngakhale utamwa khofi. Zizindikiro zake ndazilemba kuti ndizizikumbukira. Mzere woyera wa m'mphepete mwa msewu umayamba kuoneka pawiri. Umazindikira kuti sukukumbuka makilomita awiri apitawo. Zitsamba zimaoneka ngati anthu ataima. Zikafika apa palibe kulimba mtima kumene kungathandize, ndipo kuwodzera pamtsetse kwavulaza anthu ambiri. Ndinapeza kakhumbi kodikirira basi, ndinadzikulunga m'kabulangete kapulasitiki konyezimira koteteza ku kuzizira, ndinatchera alamu mphindi 20. Kagonedwe kafupi kotere kamakudzutsa usanalowe m'tulo tofa nato, ndipo umadzuka mutu uli bwino. Ukapitirira mpaka mphindi 45 umadzuka uli wosokonezeka, ndipo mphindi zina khumi zimatha ukufunafuna magolovesi amene wavala kale.

Apa pali kuima kumene sindingakuchepetse, ndipo sindikufuna kutero. Mphindi zimene ndimapulumutsa masana podinditsira ndizo zimalipira tulo timeneti.

Kutacha, miyendo inabwerera yokha ngati palibe chachitika. Ndinafika ndi mpata wabwino ndithu.

Juni

Mwezi wokonza thupi, chifukwa wa 400 wasiya ngongole.

Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho ku dzanja lamanzere zinachita dzanzi kwa masiku angapo. Pali mtsempha umene umadutsa m'mphepete mwa chikhatho, mbali ya chala chaching'ono, ndipo ukaupanikiza pamahandulo kwa maola ambiri zala ziwirizo zimafa. Kumanga mabatani a malaya kunali ntchito. Ndakweza mahandulo pang'ono, ndakulunga tepi ina pamwamba pa yakale, ndipo ndikusintha kagwiridwe pafupipafupi. Ndayambanso masewera olimbitsa pamimba ndi msana, chifukwa thunthu likatopa kulemera konse kumagwera m'manja.

Kukweza mahandulo kuli ndi phindu linanso. Pa maulendo opitirira masiku awiri anthu ena minofu ya m'khosi imaleka kugwira ntchito, mutu n'kugwera pachifuwa moti saonanso msewu. Vutoli limadziwika ndi dzina la Michael Shermer, amene linamugwira pa mpikisano wa Race Across America mu 1983. Likakugwira silimva mankhwala panjira, ndipo ena amafika pomangirira helemeti kumsana ndi chingwe kuti mutu udzuke. Kuwerama kwambiri kumathandiza pa mphepo, koma ine ndasankha khosi.

Za pokhalira sizikambidwa pagulu, koma zimachotsa anthu ambiri panjira kuposa mmene amavomerezera. Thukuta, mchere ndi kukhuzika zikakumana khungu limanyuka, ndipo kachilonda kamodzi kamakupangitsa kukhala chopendekera. Ukakhala chopendekera bondo limayamba kupweteka, kenako chidendene. Ndatsitsa chishalo mamilimita ochepa chabe, ndimadzola mafuta oteteza khungu ndisananyamuke, ndipo pa wa 600 ndidzanyamula kabudula wachiwiri woti ndisinthe ndikasamba. Chishalo chatsopano sindigula pano. Chinthu chosazolowereka sichilowa pa ulendo wautali.

Pa zakumwa, ndachepetsa madzi oyera okhaokha. Kumwa madzi ochuluka kwambiri kwinaku mchere ukutuluka ndi thukuta kumatsitsa mchere wa m'magazi, ndipo zizindikiro zake, mutu, nseru ndi kusokonezeka, zimafanana ndi za kuchepa madzi, moti munthu amawonjezera kumwa n'kuipitsa zinthu. Botolo limodzi tsopano limakhala la madzi osakaniza ndi mchere wa amasewera, ndipo ndimamwa ndikamva ludzu.

Pamasiku opuma ndinawerengako mbiri ya mwambowu. Unayamba mu 1891, ataukonza mtolankhani Pierre Giffard wa nyuzipepala ya Le Petit Journal pofuna kuonetsa kuti njinga ndi chinthu chodalirika. Nthawi imeneyo unali mpikisano, ndipo anapambana ndi Charles Terront, m'maola osakwana 72, pa matayala a mpweya ochotseka a Michelin amene anali atangotulukira kumene. Misewu inali yopanda phula, njinga yolemera, nyali zosaunika kutali. Ine ndi magiya anga onse ndikupempha maola 90. Munthuyo anali katswiri wa nthawi yake, inde, koma n'zodziwikiratu kuti sanakhalitse pamipando.

Julayi: wa 600

Ndinapita ndi pepala lolemba malo onse odinditsira, nthawi yotsekera, ndi nthawi imene ndikufuna kunyamukapo. Ndinalemba yonyamukira, osati yofikira, chifukwa yofikira imadalira mphepo ndi zitunda pamene yonyamukira imadalira ine. Ndinalimata pafulemu ndi tepi yoonekera.

Dongosolo linali loyenda tsiku loyamba mpaka kupitirira makilomita 350, kugona pamenepo, n'kumaliza otsalawo tsiku lachiwiri. Anthu a maulendowa amawerengera chimene amati mpata, kutanthauza kusiyana kwa nthawi imene wafika ndi imene malowo atsekedwe. Munthu woyenda makilomita 20 pa ola amapeza mphindi 20 za mpata pa ola lililonse limene wapalasa, chifukwa makilomita 20 amapatsidwa ola limodzi ndi mphindi 20. Mpata umenewo ndiwo tulo take. Akauwazawaza masana pa macheza ndi pa foni, usiku amafika pogona alibe kanthu, ndipo ayenera kusankha pakati pa kupitiriza akuwodzera kapena kusiya.

Ndinafika pogona ndi mpata wokwanira kusamba, kudya chakudya chotentha nditakhala pansi, ndi kugona maola atatu. Ndisanagone ndinakonza zonse: mabotolo odzaza, tcheni chothira mafuta, GPS ili pamoto, zovala za m'mawa zili pamwamba pa nsapato. Munthu wongodzuka kumene saganiza bwino, choncho ndi bwino zoganiza zithe usiku.

Tsiku lachiwiri linali lovuta m'njira ina. Miyendo inali youma kwa theka la ola, kenako inamasuka. Pakamwa ndi pamene panakana. Chilichonse chotsekemera chinayamba kundinyansa, ndipo ndinadutsa nthawi yaitali ndikungomeza tizidutswa ta buledi wamchere mokakamiza. Liwiro linatsika, mwina ndi makilomita awiri pa ola poyerekeza ndi dzulo lake, ndipo pepala langa silinaganizire zimenezo. Mpata unayamba kuchepa m'malo mokula. Pamalo awiri omaliza ndinangodinditsa, kudzaza madzi ndi kukwera, ndipo ndinafika maola 40 asanakwane, ndi mpata wochepa kuposa umene ndinkafuna.

Maulendo anayi m'chaka chimodzi amapatsa munthu dzina la Super Randonneur, ndipo makhadi onse anayi apita kukatsimikizidwa.

Zotsala

Kutsika kwa liwiro pa tsiku lachiwiri kukundidetsa nkhawa, chifukwa ku France kudzakhala tsiku lachitatu ndi lachinayi. Nthawi yokafika ku Brest ndi yothina kuposa yobwerera, choncho theka loyamba lidzakhala ngati wa 600 uja, kenako n'kuyambanso wina ndi thupi lotopa. Komanso kumeneko anthu amakhala masauzande angapo, ndipo pamalo ngati tauni ya Loudéac, pamene opita ndi obwerera amakumana, pamakhala mizere ya chakudya, ya chimbudzi ndi ya pogona. Dongosolo langa loima mphindi zochepa podinditsira lidzafunika kusintha: kudinditsa pamalo ovomerezekawo, koma kudya ndi kugona pena pamene palibe mzere.

Pali brevet ya makilomita 1,000, ya maola 75, imene ingandiike patsogolo pa kalembera ndi kundionetsa mmene tsiku lachitatu limakhalira. Ndiilembetsa ngati dzanzi la ku dzanja lamanzere, limene labwereranso pang'ono, litatha mwezi uno usanathe. Wilo lakumbuyo laduka sipoko imodzi ndipo likufuna kulukidwanso lonse. Pa maulendo a mwezi wamawa ndiyamba kupalasa masiku awiri otsatizana, lachiwiri ndikunyamuka usiku, ndi kuyesa zakudya zamchere zimene zingalowe pakamwa pakakana zotsekemera.